Wayini wanga wa mango wasanduka viniga: ndinalakwitsa pati?

Bambo wina wa ku Chilomoni walemba kuti: "Pakhomo panga pali mitengo iwiri ya mango, ndipo chaka chilichonse mango ambiri amangowolera pansi. Mwezi wathawu ndinati ndiyese kupanga wayini. Ndinafinyira mango mu ndowa ya malita 20, n'kuthiramo madzi, shuga ndi yisiti wa buledi, kenako ndinaphimba ndi nsalu. Masiku oyamba zinkawira bwino zedi. Patatha sabata ndinathira wina m'mabotolo agalasi n'kutseka, koma botolo limodzi linaphulika usiku. Wotsala mu ndowa uja tsopano akuwawasa ngati viniga, ndipo pamwamba payala kachikopa koyera. Mayi akunyumba akuti ndisiye, tidzachita nazo khungu zimenezi. Kodi n'zoona? Ndinalakwitsa pati? Nanga mowa wonga wa m'botolo munthu angafulule pakhomo, mwinanso n'kumagulitsako?"

Achimwene, mtima m'malo. Zimene zakugweranizi ndimazimva kwa pafupifupi aliyense amene akuyamba kumene, ndipo zonse ziwiri zikundiuza kuti mbali yovuta munaidutsa. Botolo siliphulika ngati yisiti ali wakufa, ndipo viniga sabwera pamene panalibe mowa. Ndiye kuti wayini munapangadi. Chimene chinakugwetsani ndi mpweya: m'mabotolo munautsekera pa nthawi imene unkafunika kutuluka, mu ndowa munaulola kulowa pa nthawi imene sunkafunikanso.

Tisanapite patali, ngati mabotolo ena aja akadali otseka, yambani ndi amenewo lero lomwe. Musawagwedeze. Lililonse likulungeni ndi thaulo lochindikala, valani chotchinga m'maso, ana akhale kutali, ndipo mukawatsegulire panja pang'onopang'ono mutalozetsa kukamwa kwa botolo kumbali. Ngati muli ndi firiji, yambani mwawaziziritsa, chifukwa chozizira sichifwamphuka kwambiri. Galasi louluka lingachotse munthu diso, ndipo pa nkhani yonseyi ngozi imene ili pafupi ndi inu ndi imeneyo.

Yisiti ndi kachinthu kamoyo. Amadya shuga n'kutulutsa zinthu ziwiri, mowa ndi mpweya wa carbon dioxide, womwe uja umatupitsa ufa wa mandasi. Masiku anayi kapena asanu oyambirira amafuna mpweya wakunja pang'ono kuti aswane, ndipo thovu limakhala lambiri moti ndowa yophimba ndi nsalu ndiyo yoyenera. Apa munachita bwino. Koma kuwira kukayamba kuchepa mphamvu, mpweya umene unkatuluka mwaukali n'kumatchinga pamwamba pa wayini umachepanso, ndipo mpweya wakunja umafika pa wayiniyo. Pamenepo mabakiteriya otchedwa Acetobacter amapeza mpata. Chakudya chawo ndi mowa womwewo, ndipo amausandutsa asidi wa viniga, koma sangagwire ntchito popanda mpweya wakunja. Amabwera pa makoko a zipatso, komanso pa timiyendo ta tintchentche tating'ono timene timazungulira mango okupsa. Ndowa ya malita 20 yomwe munachotsamo wayini wina inatsala ndi malo aakulu opanda kanthu pamwamba, nsalu yokha ikuyang'anira, m'nyengo yotentha. Mabakiteriyawa sakanasowa chochita.

Wayini amene wasasa sabwereranso, ngakhale mutathiramo shuga wochuluka bwanji. Yang'anani bwino kachikopa kaja. Ngati kali kosalala, koterera, fungo lake lili la viniga weniweni, sefani ndi nsalu yoyera, muthire m'chiwiya chagalasi, muphimbe ndi nsalu kwa masabata ena atatu kapena anayi, mudzakhala ndi viniga wothira pa kachumbali. Koma ngati pamwamba pali nkhungu yaubweyaubweya, yobiriwira, yakuda kapena yofiirira, tayani zonse osalawa. Ndowayo musadzapangiremonso wayini, popeza pulasitiki ikakandikakandika imasunga tizilombo m'mikwingwirima yake.

Pamene mudzayambirenso, chonde musayambe ndi malita 20. Yambani ndi malita 5. Shuga wakwera mtengo, ndipo munthu wophunzira amapindula kwambiri ndi zigubu zing'onozing'ono zingapo kusiyana ndi chindowa chimodzi chimene chikalephereka chimamuthera mtima. Mufunika kandowa katsopano kokhala ndi chivindikiro, zigubu ziwiri za malita 5 zimene munali madzi akumwa, nsalu yosefera, mpeni, ndi mthiko watsopano umene sunatakasepo ndiwo. Chigubu chimene munakhalapo parafini, petulo, mankhwala a m'munda kapena utoto musachiganizire n'komwe, ngakhale chitatsukidwa kangati. Cha mafuta ophikira nachonso sichitheka kuyera bwino, ndipo wayini amatenga fungo. Ndowa ya malata ndi poto wa aluminiyamu sizoyenera kusungiramo, chifukwa asidi wa m'zipatso amadya chitsulocho.

Kutsuka kwake ndi kuwiri. Koyamba ndi sopo ndi madzi otentha kuchotsa litsiro looneka. Kachiwiri ndi kupha tizilombo: supuni imodzi yaikulu ya Jik wopanda fungo lonunkhiritsa mu malita 5 a madzi, ziwiya zonse zikhale momwemo mphindi 20, kenako mutsukuluze kawiri katatu ndi madzi owiritsa mpaka fungo litheretu. Poti panyumba panu pali viniga wambiri tsopano, ndikuchenjezeni kuti Jik ndi viniga siziphatikizidwa, zimatulutsa mpweya wapoizoni. Madzi a pampopi a Blantyre Water Board amathiridwa chlorine, ndipo n'zoyenera kutero, koma chlorine amafooketsa yisiti ndi kusiya kafungo ka mankhwala. Madzi onse olowa mu wayini muziyamba mwawawiritsa n'kuwaziziritsa ataphimbidwa.

Mango asankheni okupsa bwino koma osawola. Otola pansi amene ang'aluka, alowa mphutsi kapena ada mbali ina, asiyeni. Ndikudziwa kuti cholinga chanu ndi kupulumutsa mango ongowonongeka, koma chipatso chimene simungapatse mlendo kuti adye sichingatulutse wayini wabwino. Atsukeni, asendeni, chotsani njere, mukhale ndi mnofu wokwana kilogalamu imodzi ndi theka. Uphwanyeni ndi manja oyera mu kandowa kaja. Sungunulani magalamu 800 a shuga mu malita awiri a madzi owira, muthire pa mangowo akadali otentha kuti aphe tizilombo tambiri tapamwamba, kenako onjezerani madzi owiritsa ozizira mpaka zonse zipitirire pang'ono malita 5, popeza zotsalira za mango zidzachotsedwa. Finyirani mandimu awiri, chifukwa mango okupsa alibe asidi wokwanira, ndipo wayini wopanda asidi amakhala wozizira m'kamwa komanso sachedwa kuwonongeka. Thiraninso kapu imodzi ya tiyi wakuda bii wopanda shuga ndi mkaka. Tiyi ali ndi tannin, amene amapatsa wayini kaukali kogwira lilime kamene mphesa zimakhala nako mwachibadwa. Zikazizira mpaka chala choyera chisamve kutentha, ndiye muwazemo supuni yaing'ono imodzi ya yisiti. Mukathira zikadali zotentha, yisiti amafa.

Za shuga, muyezo wake ndi uwu: magalamu pafupifupi 17 a shuga pa lita iliyonse amatulutsa 1 peresenti ya mowa. Shuga wothira uja pamodzi ndi wa m'mango momwemo akufika cha pa magalamu 200 pa lita, kutanthauza wayini wa maperesenti 11 kapena 12. Oyamba kumene ambiri amaganiza kuti shuga akachuluka wayini akhala waukali kwambiri. Sizitero. Yisiti amafooka ndi mowa umene wapanga yekha, ndipo wa buledi amagonja msanga kuposa wa wayini weniweni. Chotsatira chake ndi chakumwa chotsekemera molapitsa, chimene tsiku lina kukatentha chimadzayambanso kuwira chili m'botolo. Yisiti wa buledi amagwira ntchito ndithu, kungoti amasiya kafungo ka buledi ndipo amachedwa kukhazikika pansi. Mukapeza wina wopita ku Johannesburg, muitanitseni timapaketi ta yisiti wa wayini, ndi topepuka ndipo kamodzi kamakwanira malita 20 ndi kupitirirapo.

Kandowako phimbani ndi nsalu yothina maso, mumange ndi mphira kuti kantchentche kasapeze polowera. Tsiku lililonse m'mawa ndi madzulo, ndi mthiko wotsuka, mizani zoyandama zija pansi kuti zisaume n'kuchita nkhungu. Pa tsiku lachisanu kapena lachisanu ndi chimodzi, thovu likayamba kutsika, sefani ndi nsalu mu chigubu. Musafinye mwamphamvu, ulusi wa mango ukadutsa wayini amadzavuta kuyera. Chigubucho chidzaze mpaka m'khosi, patsale malo a zala zitatu zokha.

Apa tsopano ndi pamene panakusowani chida. Muyenera kutseka chigubu m'njira yoti mpweya wa mkati uzituluka koma wakunja usalowe. Pitani m'masitolo a zipangizo zomangira ku Limbe kapena m'tauni mukagule mita imodzi ya kapaipi koonekera mkati, kamene amisiri omanga nyumba amayezera levulo. Boolani chivindikiro cha chigubu ndi msomali wotentha, bowo lake likhale lothina, mulowetse kapaipiko pang'ono chabe kasakhudze wayini, ndipo mumate m'mbali mwake ndi phula la kandulo. Mapeto enawo aviikeni mu kabotolo kamene muli madzi theka, kabotoloko kakhale pansi pambali pa chigubu. Pasanathe ola mudzayamba kumva kuti bwi, bwi, timathovu tikutuluka m'madzimo motsatizana. Ngati palibe thovu koma mukuona tinthu tikukwera ndi kutsika mkati mwa chigubu, ndiye kuti mpweya ukutulukira penapake pa phula lija, matiraninso. Masiku akamapita timathovu timatalikirana, poyamba pa sekondi iliyonse, kenako kamodzi pa mphindi, mpaka zii.

Kutentha kwa kuno kumafuna kukuganizira, chifukwa mango amapsa nthawi imene dzuwa lafika poipa. Yisiti amagwira bwino ntchito pakati pa madigiri 18 ndi 25. Akapitirira 30 amathamanga n'kutulutsa fungo laukali longa la mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, ndipo wayini wotere amapweteketsa mutu. M'nyumba ya malata yopanda siling'i mu Novembala kapena Disembala, madigiri amenewo amakwana masana. Ikani chigubu pa simenti, m'chipinda chamdima chozizirirako, mkati mwa beseni la madzi, muchifunditse nsalu yonyowa imene m'munsi mwake mwaviikidwa m'madziwo. Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikamawomba, vuto limatembenuka: kuwira kumachedwa kapena kuima, ndiye chigubu chimafuna bulangete.

Pakatha masabata atatu kapena anayi, pansi pa chigubu padzakhala nsenga zochindikala. Kokani wayini wapamwambayo ndi kapaipi katsopano koyera kupita mu chigubu chachiwiri, mosagwedeza, mapeto a paipi atafika pansi pa chigubu cholandira kuti wayini asamakhuthuke ngati mathithi n'kumeza mpweya. Dzazitsani ndi madzi owiritsa pang'ono, bwezerani chivindikiro cha kapaipi chija, ndipo muiwaleko mwezi wina kapena iwiri. Mango ali ndi pectin wambiri, chinthu chonanda chopezeka m'zipatso, ndiye wayini wake amachedwa kuyera kuposa wa zipatso zina, nthawi zina amatsala wachifungachifunga mpaka kalekale. Zimenezo siziwononga kukoma. Amene amafuna wowala mbee amathira mankhwala osungunula pectin otchedwa pectic enzyme pachiyambi pomwe.

Kuthira m'botolo kudikire mpaka mutatsimikiza kuti shuga watha. Kuleka kwa timathovu pakokha si umboni wokwanira, chifukwa yisiti amatha kungogona ndi kuzizira. Chida chotsimikizira ndi hydrometer, kagalasi koyandama kamene kamasonyeza kuchuluka kwa shuga. Wayini ngati uyu amayambira cha pa 1.085, ndipo akatha amafika pa 1.000 kapena kutsikirapo pang'ono. Mukayeza kawiri motalikitsa masiku atatu nambala osasintha, ndiye kuti watha. Ngati mulibe chidachi, lawani kuti mumve ngati kutsekemera kwatheratu, kenako thirani pang'ono mu kabotolo kapulasitiki ka zakumwa zoziziritsa kukhosi, mutseke, muike pofunda sabata imodzi. Kakalimba gwa mukakafinya, wayini akadawira, dikiranibe. Ndipo ngati mumakonda wotsekemera, shuga muzithira mu kapu pomwa, osati m'botolo.

Ndikanakhala inu, pomwe mukudikira wa mangoyo ndikanayesanso chipatso chosavuta. Chidede chimatulutsa wayini wofiira bwino amene amayera msanga, ndipo chouma chimapezeka m'misika nthawi yaitali. Zinanazi za ku Mulanje zimawira mosavuta ndipo zili kale ndi asidi wokwanira, moti mandimu safunika. Magalagadeya ali ndi fungo lamphamvu, ochepa okha amakwana. Manachesi a ku Mwanza amafuna kuchotsa makoko, njere ndi ulusi woyera uja wonse, apo ayi wayini amawawa. Malambe ndi bwemba ndi zowawasa kwambiri ndipo zimafuna madzi ambiri, zimenezo mudzaziyese dzanja litazolowera.

Tibwere ku nkhawa ya mayi akunyumba, imene sindikufuna kuti muipeputse, chifukwa anthu achitadi khungu ndi kufa ndi mowa. Chimene chimapha maso ndi methanol, mtundu wa mowa wapoizoni. Zipatso zikamawira zimatulutsa methanol pang'ono kuchokera ku pectin, ndipo amapezeka ngakhale mu wayini wa m'sitolo, koma kuchuluka kwake mu wayini wongowiritsa ndi yisiti n'kochepa kwambiri moti sikungachititse munthu khungu. Ngozi imabwera m'njira zina. Ina ndi kutcheza, monga amachitira kachasu, pamene zonse zimene zinali zochepa zimaunjikana, ndipo ziwiya zotchezera zokha zimatha kuwonjezera poizoni wa zitsulo. Ina, yomwe yapha anthu ambiri m'maiko osiyanasiyana, ndi kuthira spiriti wa m'mafakitale kapena mankhwala ena mu mowa kuti ukhale waukali. Choncho wayini wanu musamutcheze, ndipo wina akakuuzani kuti muthiremo feteleza, mabatire, mapiritsi kapena spiriti kuti apse msanga, musamvere.

Pali ngozi ina imene anthu saitchula kawirikawiri, ndipo imakhudza kwambiri mowa wa chimanga. Mu Januwale 2015, ku Chitima m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anthu 75 anamwalira atamwa mowa wofulula pakhomo pa maliro. Poyamba kunamveka mphekesera zoti wina anathiramo ndulu ya ng'ona, koma atayeza anapeza poizoni wotchedwa bongkrekic acid, wopangidwa ndi mabakiteriya amene anamera mu ufa wa chimanga wowonongeka umene anafululira mowawo. Poizoni ameneyu satha ndi kuwiritsa, chimodzimodzi wa chuku amene amapezeka m'chimanga ndi mtedza wosungidwa ponyowa. Chizolowezi choti chimanga chowola chimene sichingadyedwe nsima chipite ku mowa n'choopsa zedi.

Munthu akamwa mowa uliwonse, kenako patapita maola 12 mpaka 24 n'kuyamba kuona zinthu mwachimbuuzi, kusanza kosalekeza, kupweteka m'mimba kwambiri, kupuma mofulumira kapena kusokonezeka mutu, musanene kuti ndi matsire. Thamangirani naye ku Queen Elizabeth Central Hospital kapena chipatala chimene chili pafupi, mutenge ndi mowa wotsalawo, ndipo ena onse amene anamwa nawo apitenso ngakhale akudzimva bwino. Mukumbukirenso kuti wayini wa maperesenti 12 ndi waukali kuwirikiza kawiri ndi kupitirirapo poyerekeza ndi mowa wa m'botolo, ngakhale amatsika ngati juwisi. Mayi woyembekezera, mwana wosakwana zaka 18 ndi munthu woti ayendetsa galimoto asapatsidwe. Amene ali ndi matenda a shuga, a chiwindi, zilonda za m'mimba, kapena akumwa mankhwala monga Flagyl ndi a TB, ayambe afunsa dokotala.

Za mowa wonga wa m'botolo, n'zotheka koma ndi ntchito ina. Umene tinauzolowera kuno kuyambira pamene Carlsberg inatsegula fakitale yake mu Blantyre mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark, ndi wa mtundu wa lager. Umafuna chimera cha balere, maluwa a hops amene amaupatsa kuwawa, ndi kuwira pozizira cha pa madigiri 10 kwa masabata angapo, zomwe ndi kuzimazima kwa magetsi n'zovuta pakhomo. Wosavutirapo ndi mtundu wa ale, umene umawira pa madigiri 18 mpaka 20. M'zipatso shuga alimo kale, koma mu mbewu muyenera kumutulutsa nokha: chimera chophwanya chimaviikidwa m'madzi a madigiri 65 mpaka 67 kwa ola limodzi kuti sitachi asanduke shuga, madziwo amasefedwa, amawiritsidwa ola lina ndi hops, n'kuziziritsidwa mwachangu yisiti asanalowe. Popanda choyezera kutentha simungakwanitse. Mowawu uli ndi maperesenti 4 kapena 5 okha ndipo asidi wake ndi wochepa, ndiye ukhondo ukaperewera pang'ono umasasa msanga kuposa wayini. Thovu lake limabwera pothira shuga woyeza, magalamu 6 pa lita, kuwira kukatheratu, ndipo mabotolo ake ayenera kukhala olimba, opangidwira mowa. Balere ndi hops muyenera kuitanitsa kunja. Nzeru yomweyo ya chimera ili ndi amayi ofulula masese ndi ophika thobwa, amene amadziwa kumeretsa mawere ndi mapira, kuziyanika, ndi kuzindikira ndi chala kuti phala lazizira mokwanira kuthira chimera. Ngati kumudzi kwanu alipo wotere, kakhaleni naye pa moto kuyambira tsiku loviika mpaka losefa musanawononge ndalama pa balere.

Kugulitsa ndi nkhani ya malamulo. Mowa sugulitsidwa popanda laisensi, ndipo kuno m'tauni mukafunse ku khonsolo ya mzinda wa Blantyre. Chakumwa chothira m'botolo n'kumata chizindikiro chiyeneranso kuyezedwa ndi Malawi Bureau of Standards, amene amaona ukali wake, methanol, ukhondo wa malo opangira ndi zolembedwa pa botolo. Wayini wa zipatso zakuno ali ndi msika, a Linga ku Lilongwe akhala akupanga ndi kugulitsa wotere kwa zaka zambiri. Koma wogula amafuna kuti botolo la lero lifanane ndi la mwezi watha, ndipo zimenezo zimatheka ndi kope. Chigubu chilichonse muzilemba tsiku loyambira, mtundu wa mango, kulemera kwa zipatso ndi shuga, yisiti amene mwathira, tsiku losefa, ndi mmene wakomera patatha miyezi itatu ndi isanu ndi umodzi. Mukadzatulutsa wayini wofanana kuchokera m'zigubu zingapo zotsatizana, mudzatenge botolo limodzi ndi kopelo mupite nazo ku Bureau mukafunse zoyenera kuchita musanagule ziwiya zazikulu.